Tisanathamangire makina omasulira chinenero chamanja, tiyambe tachijambula

A Mkonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani imene yayamba kumveka pafupipafupi m'manyuzipepala, pa wailesi komanso pa zionetsero za ophunzira a m'makoleji, yoti kwapangidwa golovesi kapena pulogalamu ya pa foni yomasulira chinenero chamanja, moti anthu osamva asiya kuvutika kuchipatala ndi kupolisi. Achinyamata amene akuyesa zimenezi ali ndi cholinga chabwino ndipo sitikufuna kuwagwetsa mphwayi. Vuto ndi loti ambiri akuyambira kumapeto. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene yaonetsedwa, ndipo chinenero chamanja cha kuno kwathu sichinajambulidwe ndi kulembedwa mochuluka moti makina n'kuphunzirapo zenizeni. Ntchito yoyamba ndi imeneyo. Ndi yotopetsa, siyopatsa chidwi pa chionetsero, koma popanda iyo zinazo siziyenda. Kuno ku Dedza, komwe kuli sukulu ya ana osamva ya Mua, ndi amodzi mwa malo amene ntchitoyi ingayambire.

Tigwirizane kaye chimene tikufuna kuti makinawo amve. Chinenero chamanja ndi chinenero pachokha, chokhala ndi malamulo akeake osiyana ndi a Chichewa kapena Chingerezi, ndipo padziko lapansi zilipo zoposa 200. Cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku America, cha ku Britain, ngakhalenso cha anzathu a ku Mozambique amene timagulitsana nawo mbatata pa Lizulu. Mu 1960 William Stokoe wa ku Gallaudet, sukulu yaukachenjede ya anthu osamva ya ku Washington, anaonetsa kuti chizindikiro chilichonse chimapangidwa ndi tizigawo: kaumbidwe ka dzanja, malo amene dzanjalo lili, ndi kayendedwe kake. Akatswiri ena anadzawonjezera mbali imene chikhatho chaloza, kenako zonse zochitika popanda manja, monga nsidze, maso, masaya, milomo, mutu ndi mapewa. Mukasintha kagawo kamodzi kokha, tanthauzo lasintha. Dzanja lomwelo, loumbidwa chimodzimodzi, likakhala pachipumi limanena china, likatsikira pachibwano limanena chinanso. M'zinenero zamanja zambiri, nsidze zikakwera ndiye kuti chiganizocho ndi funso lofuna inde kapena ayi, zikakwinyika ndi funso la chiyani kapena ndani, ndipo mutu ukapukusidwa zimene manja akunena zakanidwa. Taganizirani wodwala akuuza dokotala kuti mankhwala aja sanamwe, makina n'kuwerenga manja okha n'kulemba kuti anamwa.

Apa ndi pamene golovesi imagwera. Imakhala ndi timawaya tomva kupindika kwa chala, kamodzi pa chala chilichonse, ndi kachipangizo kuseri kwa dzanja koyeza kupendekeka ndi liwiro, zonse zolumikizidwa ku kabolodi ngati Arduino kamene kamatumiza manambala ku foni kudzera pa Bluetooth. Kupindika kwa chala imakudziwa ndithu, koma ngati dzanja lili pamphuno kapena pachifuwa imangoganizira, ndipo nkhope siiona n'komwe. Mu 2016 ophunzira awiri a pa University of Washington analandira mphoto ya Lemelson-MIT chifukwa cha magolovesi otchedwa SignAloud, ndipo akatswiri a chinenero pamodzi ndi anthu osamva anatsutsa poyera kuti chipangizocho sichimasulira chinenero chawo. Palinso china. Golovesi imavalidwa ndi munthu wosamva kuti wakumva apindule. Wakumvayo akayankha, mnzakeyo amvera pati?

Njira ina imene ophunzira amaikonda ndi kutenga pa intaneti zithunzi zotchedwa Sign Language MNIST. Ndi zithunzi zosayenda, zazing'ono kwambiri, timadontho 28 m'litali ndi 28 m'lifupi, za zilembo 24 za afabeti ya zala ya ku America. J ndi Z mulibe chifukwa zilembo ziwirizi zimafuna kuti dzanja liyende. Pulogalamu yophunzira pa zithunzi zimenezi imakhoza mosavuta kupitirira 95 pa 100, ndipo nambala imeneyi ndi imene imalembedwa pachikwangwani. Komatu anthu osamva sacheza potchula chilembo chimodzichimodzi. Zilembo za pa zala amazigwiritsa ntchito pa mayina ngati Linthipe kapena Mtakataka, kapena pa mawu amene alibe chizindikiro chake, ndipo amazithamangitsa moti zilembozo zimalowana. Kuzindikira zilembo zoima ndi phunziro labwino la m'kalasi, koma kukutcha kumasulira chinenero chamanja n'kunamiza anthu.

Nanga ntchito yoona imayenda bwanji? Kanema ndi zithunzi zotsatizana, 25 kapena 30 pa sekondi, ndipo kompyuta imayenera kutsatira thupi pa chithunzi chilichonse. Njira yotsika mtengo, yotheka pa laputopu wamba ngakhale pa foni, ndi kusandutsa munthu kukhala timadontho. Pulogalamu yaulere ya Google yotchedwa MediaPipe imaika timadontho 21 pa dzanja lililonse, 33 pathupi ndi 468 pankhope, tonse pamodzi 543. OpenPose ya ku Carnegie Mellon imachita zofanana koma imafuna kompyuta yamphamvu. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu: kumanja kapena kumanzere, m'mwamba kapena pansi, kutsogolo kapena kumbuyo. Mukatenga manja ndi thupi pokha ndi timadontho 75, kutanthauza manambala 225 pa chithunzi chimodzi, 5,625 pa sekondi imodzi ya kanema wa zithunzi 25. Ambiri amasiya nkhope kuti manambala achepe, ndipo pamenepo abwereranso ku vuto la golovesi lija. Chanzeru n'kusankha timadontho ta nsidze, zikope ndi milomo n'kusiya ena onse a pankhope.

Manambalawa salowa m'makina osakonzedwa. Munthu wamtali ndi wamfupi, woima pafupi ndi woima patali, amatulutsa manambala osiyana pa chizindikiro chimodzi. Choncho pakati pa mapewa awiri pamatengedwa ngati poyambira kuyeza, ndipo mtunda uliwonse umagawidwa ndi kutalikirana kwa mapewawo. Wamanzere amatembenuzidwa kuti dzanja lake lotsogolera lifanane ndi la anzake. Zikatero manambala amalowa mu pulogalamu yophunzira zinthu zotsatana, ya mtundu wa LSTM kapena transformer, imene imaonetsedwa zitsanzo zambirimbiri zolembedwa kale tanthauzo mpaka itayamba kulosera yokha.

Zolakwika zimayambira pa kamera pomwepo. Manja awiri akakhudzana kapena kupingasana, limodzi limabisa linzake ndipo timadontho timadumphira pa dzanja lolakwika. Dzanja likadutsa pankhope, zomwezonso. Kamera imodzi siyeza bwino kutsogolo ndi kumbuyo, imangoyerekeza, chonsecho m'zinenero zamanja zambiri kuyenda kwa dzanja kuchoka kwa ine kupita kwa iwe, kapena kuchoka kwa iwe kubwera kwa ine, ndi kumene kumasiyanitsa wopereka ndi wolandira. M'chipinda chamdima foni imachedwa kutseka chithunzi pofuna kuwala, ndipo zala zothamanga zimaoneka zopakika. Khungu lathu lakuda limafuna kuwala kochokera kutsogolo. Munthu akaima chofulatira windo, kamera imayeza kuwala kwa windolo, nkhope ndi manja n'kuda bii. Malaya a maluwamaluwa kapena chitenje kumbuyo kwa zala zimasokoneza malire a dzanja. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pa Dedza boma anthu amavala majekete aakulu ndi zipewa zofika pansidze, ndiye jekete limabisa chigongono, chipewa chimabisa funso. Ngakhale magetsi ali ndi nkhani yake. Athu amayenda pa 50 hertz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, ndipo mukajambula pansi pa mababu aatali a m'kalasi ndi foni yotcheredwa pa zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi, kanemayo amatha kuphethiraphethira. Itchereni pa 25 kapena 50 ngati foniyo imalola, apo ayi jambulani masana pamthunzi.

Zimenezo zimatha munthu akasamala. Zovuta zazikulu zili m'chinenero momwemo. Pocheza, zizindikiro sizikhala ndi mpata pakati, ndipo dzanja likamachoka pa china kupita pa chinzake limayenda ulendo wopanda tanthauzo umene makina amauwerenga ngati mawu. Wolankhula amatha kuika mayi ake kumanja, sukulu kumanzere, ndipo kwa mphindi zisanu zotsatira amangoloza malowo osatchulanso mayina. Kuti makina amasulire kulozako ayenera kukumbukira zimene zinaikidwapo. Pofotokoza mmene lole inatsikira m'makhotakhota a msewu wa ku Golomoti, munthu wosamva sandanda mawu oti kutsika ndi kukhota. Dzanja limodzi limakhala galimoto, linalo msewu, masaya ofufuma akuonetsa kulemera kwa katundu, maso akuonetsa mantha. Kenako amapendeketsa mapewa pang'ono n'kukhala dalaivala, n'kubwereranso kukhala wokwera. Zimenezi simungazipeze m'dikishonale iliyonse, ndipo palibe anthu awiri amene angazichite mofanana ndendende.

Kuti muone kukula kwa ntchitoyi, onani kumayiko kumene ndalama zilipo. Nkhokwe ya makanema imene akatswiri ambiri akhala akuyeserapo makina awo ndi RWTH-PHOENIX-Weather 2014T ya ku Aachen ku Germany. Muli omasulira 9 okha, ziganizo zoposa 8,000, maola pafupifupi 11, ndipo nkhani yake ndi imodzi basi, zanyengo za pa wailesi ya kanema: mvula, mphepo, dzuwa, kumpoto, kum'mwera. Omasulirawo avala zakuda, aima malo amodzi, kuwala n'kwa mu situdiyo. Ngakhale pamenepo makina amalakwitsa ndithu. WLASL, ya chinenero chamanja cha ku America, ili ndi zizindikiro 2,000 m'timakanema pafupifupi 21,000. BOBSL ya BBC ndi Oxford, ya chinenero chamanja cha ku Britain, ili ndi maola opitirira 1,000. Ku Hamburg ntchito yosonkhanitsa chinenero chamanja cha ku Germany inayamba mu 2009, inajambula anthu osamva 330 a m'madera osiyanasiyana a dzikolo, ndipo yatenga zaka zoposa khumi. Komabe mu 2022, pa mpikisano wa akatswiri a makina omasulira wotchedwa WMT, atayesa kumasulira chimodzi mwa zinenero zamanja za ku Switzerland kupita m'Chijeremani, makina amene anapambana anapatsidwa malikisi pafupifupi 4 pa 100 ndi anthu oyesa. Ngati zili choncho kumeneko, munthu akakuuzani kuti pa miyezi itatu wapanga womasulira chinenero chamanja cha ku Malawi, mufunseni modekha kuti makanema anawatenga kuti.

Yankho lake kawirikawiri limakhala loti anatenga a ku America. Ngakhale zizindikiro zina zitafanana, zambiri sizifanana, ndipo pulogalamu yotere ikafika m'manja mwa mphunzitsi wakumva amene akufuna kuphunzira, imamuphunzitsa chinenero chachilendo chimene mawa adzachikakamiza ana. Bungwe la anthu osamva la MANAD linagwira ntchito yaikulu yosonkhanitsa zizindikiro ndi kutulutsa dikishonale ya chinenero chamanja cha ku Malawi. Poyambira ndi pamenepo.

Tsono tinene mmene nkhokwe yoyamba ingamangidwire ndi zipangizo zimene zilipo kale. Mndandanda wa zizindikiro usankhidwe ndi anthu osamva eni ake, osati wolemba mapulogalamu. Tiyerekeze zizindikiro 500, anthu 30, aliyense kubwereza katatu. Amenewo ndi timakanema 45,000, ndipo kalikonse kakakhala ka masekondi atatu ndi maola 37 ndi theka. Munthu mmodzi ali ndi timakanema 1,500, ndipo asamalize tsiku limodzi. Manja akatopa zizindikiro zimafupika ndi kutsika, makina n'kuphunzira kutopako. Chigawo chimodzi chisapitirire mphindi 30 kapena 40.

Anthu 30 amenewo asachoke malo amodzi. Chinenero chamanja chimakulira m'masukulu ogonera, ndipo sukulu iliyonse imakhala ndi zizindikiro zina zakezake. Wophunzira ku Mua, wa ku Maryview ku Chiradzulu, wa ku Mountain View ku Thyolo, wa ku Embangweni ku Mzimba, wa ku Bandawe kapena wa ku Karonga akhoza kutchula chinthu chimodzi mosiyana. Kusiyanako kusafufutidwe ngati cholakwika. Mtundu uliwonse upatsidwe nambala yake ndi kulembedwa kumene wachokera. Pakhale amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata, amanzere angapo. Omasulira akumva asakhale maziko a nkhokweyi, ngakhale makanema awo ndi osavuta kupeza pa nkhani za pa TV. Womasulira amathamangitsana ndi wowerenga nkhani, amatsalira masekondi angapo, amakokedwa ndi kasanjidwe ka Chichewa kapena Chingerezi, ndipo kabokosi kake ka pakona n'kakang'ono moti zala sizioneka bwino. Tisaiwalenso anthu osamva a m'midzi, kwa Kasumbu kapena kwa Kaphuka, amene sanapite kusukulu ndipo amalankhula ndi zizindikiro zimene anapangana ndi abale awo pakhomo. Pulogalamu yophunzira kwa anthu a ku Mua sidzawamva. Womasulira waluso, makamaka amene nayenso ndi wosamva, amatha kukhala nawo pansi mpaka kumvana, zimene makina sangathe.

Pomufunsa munthu chizindikiro, musamuonetse mawu olembedwa. Mukalemba chipatala pa pepala, ambiri amayamba kutchula ndi milomo kapena kupereka chizindikiro cha m'kalasi chimene sagwiritsa ntchito pocheza. Muonetseni chithunzi kapena chinthu chenicheni, ndipo wofunsayo akhale wosamva mnzake, chifukwa pamaso pa munthu wakumva anthu amasintha kalankhulidwe, amachedwetsa manja ndi kutsanzira Chingerezi kuti amveke. Pambali pa zizindikiro zapazokha, jambulani anthu awiriawiri akucheza nkhani zawozawo: mtengo wa feteleza, ulendo wa kusikelo, mpira, maliro. Galamala imapezeka mmenemo.

Foni iikidwe chogona pa choimikira cha miyendo itatu, mulingo wa chifuwa cha wolankhula, mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono kuchoka pa iye. Chithunzi chiyambire m'chiuno, pamwamba pa mutu patsale mpata, ndipo manja akatambasuka asatuluke m'mbali. Kumbuyo kukhale nsalu ya mtundu umodzi, yabuluu kapena yotuwa, yosanyezimira. Malaya akhale a mtundu umodzi wosiyana ndi khungu, kutanthauza kuti kwa ife malaya owala ndi amene amathandiza, osati akuda amene omasulira a ku Ulaya amavala. Jambulani pa mulingo wa chithunzi chooneka bwino wa 1080p, zithunzi 50 pa sekondi ngati n'kotheka. Foni yachiwiri iikidwe cham'mbali, pa madigiri 30 mpaka 45, kuti ione dzanja limene labisika, ndipo kuomba m'manja kamodzi poyamba kumathandiza kudzagwirizanitsa makanema awiriwo. Zosalalitsa nkhope za mu foni zizimitsidwe. Ola limodzi limadya magigabayiti pakati pa 6 ndi 12 kutengera foni, choncho pafunika ma hard drive awiri a 2 TB osungidwa m'nyumba zosiyana. Musatumizirane makanemawa mwachisawawa pa WhatsApp, poti imawafinya, ndipo choyamba kuwonongeka ndi zala. Gawo lina lijambulidwe dala m'malo ovuta, pakhonde, m'chipinda cha kuwala kochepa, pakati pa anthu oyendayenda, chifukwa pulogalamu yozolowera nsalu yokha imasokonezeka ikafika pa msika wa Chimbiya.

Kujambula ndi gawo laling'ono. Chimene chimadya nthawi ndi ndalama ndi kulemba. Pulogalamu yaulere ya ELAN, yopangidwa ku Max Planck Institute ku Nijmegen ku Netherlands, imaika kanema pamwamba ndi mizere ya nthawi pansi. Mzere wina ndi wa dzanja lamanja, wina wa lamanzere, wina wa nsidze, wina wa pakamwa, wina wa mutu, wina wa tanthauzo la chiganizo chonse m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Wolemba amayendetsa kanema chithunzi chimodzichimodzi n'kuika malire kuti chizindikiro chayambira apa, chathera apa. Mphindi imodzi ya macheza imatha kudya ola lathunthu kapena kupitirira. Chizindikiro chilichonse chiyenera kukhala ndi dzina limodzi losasintha, ndipo magulu ambiri amagwera pamenepa. Wina alemba SUKULU, mnzake alemba PHUNZIRA, wachitatu alemba m'Chingerezi, pa chizindikiro chimodzi chomwecho, makina n'kuona zinthu zitatu. Mankhwala ake ndi buku limodzi la mayina, lokhala ndi kakanema kachitsanzo pa dzina lililonse, ndiponso kuti limodzi mwa magawo khumi a makanema lilembedwe ndi anthu awiri mosaonerana kenako n'kuyerekeza. Akasiyana kwambiri, imani, gwirizanani malamulo, bwerezani. Ofuna kulemba kaumbidwe ka chizindikiro mwatsatanetsatane angagwiritse ntchito njira zolembera zizindikiro monga HamNoSys ya ku Hamburg kapena SignWriting imene Valerie Sutton anayambitsa mu 1974. Olembawo akhale anthu osamva odziwa bwino chinenerochi, ndipo alandire malipiro enieni, osati chakumwa ndi ndalama ya minibasi.

Poyesa makina pali chinyengo china chimene ambiri amachichita osadziwa. Amasakaniza timakanema tonse n'kupatula gawo loyesera, moti munthu yemweyo, malaya omwewo ndi khoma lomwelo zimapezeka mbali zonse ziwiri. Makina amaloweza munthuyo m'malo mwa chizindikiro, zotsatira n'kuoneka zokongola. Gawani anthuwo osati timakanema. Mwa 30 aja, 20 aphunzitsire makina, 5 akonzere, 5 otsalawo makina asawaone mpaka tsiku lomaliza. Nambala imatsika, nthawi zina kwambiri, koma ndi yoona. Lembaninso kuti ndi zizindikiro ziti zimene zikusokonezedwa ndi ziti, chifukwa kukhoza 90 pa 100 kulibe phindu ngati zolakwikazo zikugwera pa mayi amene akunena kuti ndi woyembekezera makina n'kulemba kuti m'mimba mukupweteka.

Nkhani ya chilolezo ndi yolemera kuposa pa zinenero zina. Mawu a munthu mungawalembe n'kubisa dzina lake, koma chinenero chamanja simungachisiyanitse ndi nkhope. Mukaiphimba mwafufuta galamala. Anthu osamva m'dziko muno amadziwana, moti ngakhale timadontho tokha tikhoza kuulula munthu kwa amene amadziwa kalankhulidwe kake. Chilolezo chifotokozedwe m'chinenero chamanja ndipo kuvomerako kujambulidwe, osati kungopereka fomu ya Chingerezi kuti asaine. Munthu auzidwe kumene kanema wake akasungidwe, amene adzamuone, ngati adzaikidwe pa intaneti, ngati kampani ingadzachite naye malonda, ndi mmene angamuchotsere akasintha maganizo. Dziko lino lili ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wokhudza munthu, ndipo kanema wa nkhope yake ndi uthenga womwewo. Ife tikuona kuti nkhokwe yoyamba ikhale ya akuluakulu amene anadutsa kale ku Mua ndi m'masukulu enawo, ana asiyidwe aziphunzira. Umwini wake ukhale m'manja mwa bungwe la anthu osamva, ndipo masukulu aukachenjede a MUBAS, MUST, Mzuni kapena Centre for Language Studies ya ku Zomba zibwere ngati othandiza ndi osunga.

Mbali inayo, yosandutsa mawu kukhala zizindikiro kudzera m'kamunthu kojambulidwa pa kompyuta, tingoidutsa mwachidule. Ku University of East Anglia anapanga JASigning, imene imatenga zolembedwa mu HamNoSys n'kuyendetsa kamunthuko. Manja amayenda, koma nkhope imauma ndipo kayendedwe kamadukaduka. Mu 2018 bungwe la anthu osamva padziko lonse la WFD pamodzi ndi la omasulira la WASLI anachenjeza kuti tianthu timeneti tisalowe m'malo mwa omasulira, ngakhale tingathandize pa uthenga wokonzedwa kale wosasinthasintha, bola anthu osamva atengepo mbali. Uthenga wa kolera kapena wa madzi osefukira kwa anthu a kumunsi ku Mtakataka ujambulidwe ndi munthu weniweni. Foni ndi nsalu zija n'zokwanira.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Omasulira chinenero chamanja m'dziko muno ndi ochepa kwambiri, ndipo ofesi ikamva kuti kuli pulogalamu imapeza chifukwa chosalembera womasulira. Malawi inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 21 ya panganolo imalamula maboma kuzindikira ndi kulimbikitsa zinenero zamanja. Uganda inaika chinenero chamanja m'malamulo aakulu a dziko mu 1995, Kenya mu 2010, Zimbabwe mu 2013, ndipo South Africa inachisandutsa chinenero cha boma cha nambala 12 mu 2023. Palibe mwa mayikowa limene linadikira kompyuta.

Zilipo zimene kompyuta ingachite chaka chino chomwe. Ana osamva ambiri amabadwa kwa makolo akumva, ndipo mwana wa ku Mayani kapena ku Lobi amatha kufika zaka zoyambira sukulu asanaonepo chinenero chathunthu. Dikishonale ya makanema ya pa foni, yogwira ntchito popanda netiweki, yogawana pa memori khadi kapena Bluetooth, yofufuzika ndi mawu a Chichewa komanso ndi kaumbidwe ka dzanja, ingathandize mayi wa mwanayo, mphunzitsi wake ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo. Timakanema 500 tochepetsedwa bwino tingakwane m'malo osafika theka la gigabayiti. Pamwamba pa dikishonaleyo ndi pamene pangaikidwe makina ozindikira chizindikiro chimodzichimodzi, oti wophunzira akachita chizindikiro pa kamera amusonyeze zisanu zofanana nacho kuti asankhe yekha. Makinawo akalakwitsa pamenepo palibe wavulala. Kuchipatala ndi kukhoti, foni igwire ntchito yolumikiza munthu wosamva ndi womasulira weniweni pa kanema, ndipo chofunika pamenepo ndi netiweki yolimba, bandulo ndi malipiro a womasulirayo.

Pempho lathu kwa inu a Mkonzi ndi atolankhani anu ndi loti mukaitanidwa kukaona chipangizo chotere, mupite ndi munthu wosamva amene sanatengepo mbali pochipanga, pamodzi ndi womasulira. Mlendoyo alankhule ziganizo zakezake, osati zimene zili pa mndandanda wa wopangayo, china chikhale funso, china chokana. Funsani kuti anthu osamva amene anajambulidwa ndi angati, a masukulu ati, analipidwa zingati, ndipo makanemawo ali m'manja mwa ndani. Zimene makinawo atulutse muzilembe mmene zilili, pambali pa zimene womasulira wanena. Pa 23 Seputembala, tsiku la zinenero zamanja padziko lonse, mupatsekonso anthu osamva tsamba limodzi alembe okha, ndipo nkhanizo zikhalenso pa kanema m'chinenero chamanja kwa amene Chichewa cholembedwa si chinenero chawo choyamba.

Owerenga anu,
Dedza